Imelo yabwera yopita kwa munthu woti kulibe, seva ya Postfix itani nayo?

Achimwene ena kuno ku Johannesburg ali ndi kabizinesi konyamula katundu wa anthu kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, kaofesi kawo kali ku Mayfair, ndipo seva yawo ya maimelo ndinawaikira ndine. Tsiku lina andiimbira mtima uli m'mwamba, akuti kasitomala watumiza mndandanda wa katundu koma sunafike. Nditatsegula /var/log/mail.log ndinapeza kuti munthuyo analemba bokings@ m'malo mwa bookings@, kachilembo kamodzi basi, ndiye Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza maimelo pa seva, inamubweza ndi 550, nambala yosonyeza kuti imelo yakanidwa, "User unknown in local recipient table". Umu ndi momwe imachitira ikangoikidwa, imayang'ana dzina mu local_recipient_maps (mndandanda wa mayina a anthu amene amalandira maimelo pa sevayo), ikalisowa imakana pakhomo pomwepo imelo isanalowe.

Iwo akuti, iwe tangopanga zoti imelo iliyonse izilowa kaya dzina lalakwika. Zimatheka ndithu. Ngati domeni yanu (gawo la adiresi lobwera pambuyo pa @) ili mu mydestination, pomwe pamalembedwa madomeni amene maimelo awo amathera pa seva yomweyo, tsegulani /etc/postfix/main.cf mulembe mizere iwiri iyi:

luser_relay = ofesi
local_recipient_maps =

Mzere woyambawo ukuuza Postfix kuti imelo ya dzina losadziwika izipita m'bokosi la ofesi. Mzere wachiwiriwo mutsogolo mwa = musalembe kanthu, sikuti ndaiwala ayi. Mukausiya momwe unalili Postfix izikanabe anthu pakhomo ndipo luser_relay sidzaona imelo ngakhale imodzi, ambiri amakakamira pamenepa mpaka usiku kumaganiza kuti seva yafa. Mukatero lembani postfix reload kuti Postfix iwerenge zomwe mwasinthazo.

Ngati mumagwiritsa ntchito ma virtual domain, madomeni amene seva imawalandirira maimelo koma sali mu mydestination, luser_relay sikuthandizani. Mu main.cf muike virtual_alias_maps = hash:/etc/postfix/virtual, kenako mu fayilo ya virtual mo (m'malo mwa example.com muike domeni yanu):

bookings@example.com bookings@example.com
@example.com ofesi@example.com

Mzere woyambawo ukuoneka ngati wamisala eti, adiresi kudzilozera yokha, koma ukapanda kukhalapo ka @example.com kaja kamameza zonse, ndi maimelo a anthu enieni omwe, mawa lake aliyense muofesi akudandaula kuti bokosi lake ndi lopanda kanthu pomwe zonse zaunjikana kwa munthu mmodzi. Aliyense amene ali ndi bokosi mumulembere mzere wake. Musaiwale postmap /etc/postfix/virtual, apo ayi zomwe mwalembazo Postfix siziziwerenga.

Koma ineyo zimenezi sindinawapangire achimwene aja, ndinawauza chilungamo. Anthu a spam amangolota mayina, admin@, sales@, john@, kumaponya mazanamazana, ndiye chitseko chikakhala chotsegula zonsezo zimathera m'bokosi la ofesi ndipo imelo ya kasitomala weniweni imakwiririka m'zinyalala momwemo. Choopsa kuposa apa ndi kulandira imelo kaye kenako nkuibweza. Adiresi ya wotumiza spam imakhala yabodza, ndiye seva yanu imakabweza kwa munthu wosalakwa amene sanatumize kanthu, amati backscatter, ndipo IP yanu, nambala ya seva yanu pa intaneti, ikhoza kulowa pa blacklist, mndandanda wa maseva oganiziridwa kuti amatumiza spam, maimelo anu abwinobwino nkuyamba kukanidwa. Pamene 550 ya pakhomo ija, seva ya wotumiza ndi imene imamuuza kuti adiresi walakwitsa, munthu nkukonza yekha.

Chomwe ndinachita nchaching'ono. Ndinafufuza mu log mayina amene anthu amalakwitsa kawirikawiri:

grep "User unknown" /var/log/mail.log

Ndiye ndinawaika mu /etc/aliases, fayilo yolozera dzina lina kwa lina, bokings: bookings, booking: bookings, kenako newaliases, zatha. Muli momwemo onetsetsani kuti postmaster alipo ndipo akulozera kwa munthu amene amawerengadi, malamulo a SMTP, njira yomwe maseva amatumizirana maimelo, amafuna kuti adiresi imeneyi izilandira.

Pamene mukusinthasintha zinthu ikani kaye unknown_local_recipient_reject_code = 450 mu main.cf. Nambala zoyamba ndi 4 zimauza seva inayo kuti iyesenso nthawi ina, ndipo imayesadi kwa masiku angapo, Postfix payokha imasunga mpaka masiku 5. Nchifukwa chake magetsi akazima ku Mayfair seva nkugona maola awiri maimelo samatayika, amabwera mochedwa chabe. Ndiye mukalakwitsa kena kake seva nkumakana dzina lenileni, imelo yake sinapite.

Kuyesa kwake: telnet localhost 25, lembani HELO, MAIL FROM, kenako RCPT TO ndi dzina lopeka ngati nsima@example.com muone yankho, muyesenso ndi dzina lenileni muone 250. Zikayenda bwezerani pa 550, musaisiye pa 450 chifukwa wolakwitsa adiresi uja adikira masiku asanadziwe kuti imelo yake sinafike, truck itanyamuka kale.