Posankha ogwirizana nawo m'masewero a mayiko a nyengo ya sitima za nthunzi

Ngati mukusewera ngati dziko pa intaneti m'zaka za 1840 mpaka 1860, musathamangire mnzanu amene ali ndi sitima zambiri. Yambani mwafunsa kuti madoko ake ali kuti, ndipo malasha ali nawo kapena ayi. Sitima zankhondo za nthawiyo zinkadya malasha kwambiri, n'chifukwa chake zinkakhalabe ndi matanga. Britain inalanda doko la Aden, lomwe lero lili m'dziko la Yemen, mu 1839 kuti sitima zake zizitengapo malasha pa ulendo wa ku India. Kadziko kakang'ono kokhala ndi doko pa njira yanu kamakupindulitsani kuposa ufumu waukulu wakutali.

Musanasaine pangano, gwirizanani chaka chimene masewero afika. Apa ndi pamene ambiri amayambanirana. Wina amatulutsa sitima yokutidwa ndi chitsulo mu 1850, pamene sitima zoyamba zoterezi zoyenda pa nyanja zikuluzikulu zinabwera pambuyo pake: Gloire ya France inalowa m'madzi mu 1859 ndipo HMS Warrior ya Britain mu 1860. Funsaninso ngati sitima za mnzanuyo zili ndi mawilo opalasa madzi m'mbali kapena pulopela kumbuyo. Mawilo amatenga malo a mizinga ndipo zipolopolo zimatha kuwaphwanya.

Pangano lilembedwe poyera, woyang'anira masewero alione. Litchule amene apereke malasha, doko lokonzerako sitima zowonongeka, chimene chingakulowetseni m'nkhondo, ndi chaka chothera.

Werenganinso zimene munthuyo analemba m'mbuyomu. Ngati amasowa sabata yathunthu osayankha, musiyeni, chifukwa adani akadzatseka doko lanu mudzatsala nokha.