Chifundo chikayamba kutha pa wodi: mmene mungadziwire ndi zoyenera kuchita

Namwino amene kale ankakhala pambali pa bedi n'kufotokozera gadiyani za mankhwala modekha, akayamba kungoti "dikirani panja" osakweza ndi mutu womwe, anthu amati wayamba nkhanza. Kawirikawiri munthuyo amakhala atatopa mpaka mumtima. Kutopa kumeneku kuli pawiri, ndipo muyenera kudziwa komwe kwakugwirani chifukwa thandizo lake ndi losiyana.

Koyamba ndi kulema ndi ntchito. Mu 2019 bungwe la WHO linakuika m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11 ngati vuto lochokera kuntchito, lokhala ndi zizindikiro zitatu: mphamvu kutheratu, kuipidwa ndi ntchito, ndi kudziona kuti palibe chomwe mukuphula. Kumabwera pang'onopang'ono chifukwa cha rosita yoipa, odwala ogona mpaka pansi, magulovu ndi madiripi osowa. Kwachiwiri ndi kuuma kwa chifundo, komwe mlembi wina dzina lake Carla Joinson anakulemba mu 1992 pofotokoza za anamwino a kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi. Uku kumachokera pa kuona mavuto a anthu tsiku ndi tsiku, ndipo kutha kugwa mwadzidzidzi, monga pa nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023 kapena ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nkhope ya mwana amene anamwalira imakubwererani mukutsuka mbale, mumalota muli pa wodi, mumayamba kulambalala bedi linalake.

Dziyezeni kamodzi pamwezi. Kodi mukagona tsiku la ofu mumadzukabe otopa? Kodi mwayamba kutchula odwala ndi manambala a mabedi okha? Kodi kunyumba akuti mukupsa mtima msanga? Kodi mwawonjezera mowa kapena mapiritsi a tulo? Mukavomera awiri mwa amenewa, yambani kuchitapo kanthu. Palinso mafunso 30 otchedwa ProQOL, opezeka ulere pa intaneti, omwe amafunsa za masiku 30 apitawo. Funsaninso mnzanu wa shifiti, pakuti iye amaona kusintha kwanu inu musanakuzindikire.

Yambani ndi tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo amene wakhala maso maola 17 amaganiza mochedwa ngati wamwako mowa. Apa ndi pomwe dozi ya mwana imawerengedwa molakwika. Musanalowe naiti yoyamba gonani ola limodzi ndi theka masana. Usiku, ngati mwagwirizana ndi mnzanu woti akugwirireni wodi, tsinzinani mphindi 20 mutatchera alamu. Mukapyola mphindi 30 mumalowa tulo tofa nato, n'kudzuka mutu uli zii pa nthawi imene mayi akutaya magazi. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zilekeni ikamakwana 2 koloko usiku, chifukwa theka la mphamvu yake limakhalabe m'thupi pakatha maola pafupifupi 5. Mukafika kunyumba idyani pang'ono, phimbani windo ndi bulangeti, ndipo gonani nthawi yomweyo malata asanatenthe. Zochapa ndi za kumsika zidikire masana. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati. Diazepam (mankhwala ogonetsa) kapena pethidine (mankhwala amphamvu opha ululu) wa mukabati musamukhudze ngakhale kamodzi: njira imeneyo yawonongera anthu ntchito ndi moyo.

Nkhani ya lokamu, mashifiti owonjezera olipidwa padera, ndi yovuta, chifukwa fizi ndi lendi sizidikira ndipo malipiro sakwana. Komabe dziikireni malire olembedwa. Musalowe lokamu pochokera ku naiti. Pakati pa shifiti ndi inzake pakhale maola osachepera 11. Sabata iliyonse pakhale tsiku limodzi losaponda kuchipatala. Tsiku limenelo anthu a m'dera adzabwerabe ndi mabuku awo a kuchipatala, ena adzakuimitsani kutchalitchi kapena pamaliro kuti "adokotala, tandionereni mwanayu". Pokhapokha ngati ndi zadzidzidzi, yankho laulemu lilipo: "Pepani amayi, pano ndilibe zoyezera, mupite naye kuchipatala akamuone bwino."

Wodwala akamwalira, makamaka mwana kapena mayi pobereka, musathamangire bedi lotsatira ngati palibe chachitika. Onse amene munalipo imani mphindi imodzi, kupemphera kapena kungokhala chete. Shifiti isanathe khalani pansi mphindi 10, kutali ndi magadiyani, n'kufunsana kuti chinayenda bwino n'chiyani, chinasowa n'chiyani, ndipo ndani akufuna kupuma kaye. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kusakaniza kukambirana kumeneku ndi msonkhano wounika imfa. Zikasakanikirana aliyense amayamba kudziteteza, ndipo palibe amene anganene kuti zamupweteka. Cholakwika china ndi kukakamiza munthu kufotokoza zonse zomwe waona. Ena zimawaonjezera ululu, n'chifukwa chake WHO silimbikitsa mchitidwe umenewo. Muuzeni kuti mulipo, ndipo mudzamufunsenso mawa ndi sabata yamawa.

Gawo lalikulu lili m'manja mwa inichaji, yemwe ndi mkulu wa wodi, ndi a matroni, ndipo apa tinene mosabisa. Kuuza namwino amene ali yekha pa wodi yodzaza kuti "limbani mtima, ndi maitanidwe" n'kumuthira mchere pachilonda. Tulutsani rosita patatsala masabata osachepera awiri kuti anthu akonze za kunyumba. Manaiti otsatizana asapyole atatu kapena anayi pomwe n'kotheka. Malo olemera monga chipinda cha ana odwalitsitsa azisinthana, asakhale a munthu mmodzi chifukwa choti "amatha". Waluso amene sakana ntchito ndiye amayamba kugwa. Nthawi ya tiyi ndi ya nkhomaliro ilembedwe ndi mayina shifiti ikamayamba, apo ayi sichitika. Tchuthi cha pachaka chikonzedwe mu Januwale, anthu asamachiunjike. Zipangizo zikasowa lembani m'buku la ripoti, tsiku, nthawi ndi zomwe zinachitikira wodwala. Zolembedwazo zimathandiza pokadandaula kwa akuluakulu a chipatala kapena ku bungwe la anamwino ndi azamba la NONM, komanso zimachotsa pamutu pa namwino mlandu umene si wake.

Ngati kutopa sikukutha, kayezetseni thupi kaye, pakuti kuchepa kwa magazi, shuga, TB ndi vuto la chithokomiro zimatopetsanso. Pitani kwa mnzanu wa chipinda china kuti akuoneni ngati wodwala, musadzilembere nokha mankhwala. Mukakhala osasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri, kapena maloto oipa akapyola mwezi, onanani ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma lanu. Amene akuopa kuti anzawo adziwa angapite ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapenanso ku Zomba Mental Hospital. Maganizo ofuna kudzipha sadikira ofu: uzani munthu tsiku lomwelo. Mnzanu akanena kuti "bola kungofa", mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera musamusiye yekha, tengani kwa iye makiyi a kabati ya mankhwala, ndipo mumuperekeze kwa dokotala shifiti isanathe.