Kakhotedwe koyenera pamphambano yokhala ndi kanjira ka njinga ku Britain

Munthu amene anaphunzira kuyendetsa galimoto ku Malawi akafika ku England, Scotland kapena Wales amapeza kuti nakonso galimoto zimayenda kumanzere, ndiye mtima umakhala m'malo. Chimene chimasokoneza ambiri ndi kanjira ka njinga kojambulidwa m'mphepete mwa msewu, kamene dalaivala ayenera kukadula nthawi iliyonse imene akukhotera kumanzere. Kwathu tinazolowera kuti wa kabaza akamva hutala amapatukira kudothi, koma kumeneko chizolowezi chimenechi chikhoza kukupalamulitsani mlandu, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti chikhoza kuphetsa munthu.

Buku la malamulo apamsewu la Highway Code linasinthidwa pa 29 Januwale 2022, ndipo ndime yake ya H3 imanena kuti dalaivala amene akukhota asadule kutsogolo kwa wopalasa njinga amene akupita molunjika, kaya wanjingayo ali m'kanjira kake kapena ali mumsewu weniweniwo. Muyezo wake ndi wosavuta kuukumbukira: ngati kukhota kwanu kungachititse wanjinga kugwira mabuleki kapena kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi kuti akupeweni, ndiye kuti nthawi yanu yokhota sinakwane.

Choyamba zindikirani mzere umene walekanitsa kanjirako ndi msewu. Ukakhala woyera wosadukiza, ndi mlandu kuyendetsamo kapena kuimikamo galimoto pa maola amene kanjirako kakugwira ntchito. Ukakhala wodukizaduka, mumalowamo pokhapokha ngati palibiretu kuchitira mwina. Pamphambano zambiri mzere umadukizaduka kuti galimoto zithe kudutsa, komabe zimenezi sizikutanthauza kuti wanjinga wataya ufulu wake wodutsa poyamba.

Mukamayandikira pokhotera, yatsani indiketa msanga, chepetsani liwiro, yang'anani pagalasi lapakati kenako lakumanzere, ndipo musanapinde chiwongolero tembenuzani mutu muyang'ane chakuphewa lakumanzere, chifukwa pali malo pambali pa galimoto amene magalasi saonetsa. Ine ndimaona kuti kutembenuza mutu kumeneku ndiye kofunika kuposa zonsezi, pakuti njinga ilibe phokoso ndipo m'tauni, pamene galimoto zandondozana, imatha kukupezani mofulumira kuposa mmene mukuganizira. Mukaona wanjinga akubwera, imani kunja kwa kanjirako mpaka adutse, ndipo ngati ali angapo otsatizana dikirani onsewo. Indiketa imangodziwitsa ena cholinga chanu, siikupatsani mpata.

Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kupitirira wanjinga patangotsala mamita ochepa kuti mukhote, kenako n'kumutsekera njira. Ngati mphambano yayandikira, khalani kumbuyo kwake. Kwina kulikonse kumene mukumupitirira, siyani mpata wosachepera mamita 1.5 ngati liwiro lanu silikupitirira mamailosi 30 pa ola, ndipo onjezerani mpatawo mukathamanga kuposa pamenepo.

Pokhotera kumanja ngozi imabisala mwanjira ina. Dalaivala wochokera kutsogolo akhoza kukuimirani mwaulemu n'kukuthwanimitsirani magetsi, koma kuseri kwa galimoto yakeyo m'kanjira ka njinga mukhoza kukhala munthu amene sakukuonani, inunso simukumuona. Dutsani pang'onopang'ono mpaka kanjirako mutakaona bwino. Pamaloboti ena pali mizere iwiri yoimapo, ndipo malo apakati pake ndi a njinga, kotero getsi likakhala lofiira imani pamzere woyamba.

Kwa inu opalasa, lamulo silikukakamizani kuyenda m'kanjirako, ndipo pamphambano yopanda malo apadera a njinga mumalangizidwa kukhala pakati pa mbali yanu ya msewu kuti muoneke bwino. Musalowe kumanzere kwa galimoto imene yayatsa indiketa kapena ikuchepetsa liwiro kuti ikhotere kumanzere, makamaka basi kapena lole. Lole yaitali imayamba yataya mutu kumanja isanakhotere kumanzere, ndipo mpata umene umaoneka ngati wotseguka umatsekeka matayala akumbuyo akamabwera. N'chifukwa chake mzinda wa London unakhazikitsa lamulo la Direct Vision Standard, lofuna kuti malole olemera matani opitirira 12 akhale ndi chilolezo chotengera mmene dalaivala amaonera kuchokera pampando wake. Ngakhale zili choncho, khalani kumbuyo kwa loleyo mpaka itamaliza kukhota.