Momwe mungapumulire m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere

Anthu a m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere sadalira wotchi yokha. Msodzi amakankhira bwato lake m'madzi potengera mmene nyanja yadzazira kapena kuphwerera, ndipo mayi woyanika zovala amadziwa ola limene mphepo iyambe kuwomba. Mlendo wofuna kupumuladi ayenera kutengera mayendedwe amenewa. Ndaonapo anthu akufika ndi mndandanda wa malo khumi oti akaone, n'kubwerera kwawo ali wefuwefu, nyanja ataiona pa windo la galimoto basi. Inu lolani madzi, dzuwa ndi mphepo zikukonzereni tsiku.

Choyamba, sankhani nyengo

Musanayambe kusirira zithunzi pa intaneti, ganizani za mwezi umene mupite. Kumpoto kwa dziko lapansi, monga ku Ulaya, kumatentha kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Kum'mwera, monga ku Australia, kumatentha Disembala mpaka Febuluwale. Miyezi imeneyi ndi imene timatauni ta kugombe timadzaza ndi alendo, malo ogona n'kukwera mtengo. Ine ndimakonda masabata otsatira khamu litabalalika. Nyanja imachedwa kufunda ndipo imachedwanso kuzizira, choncho madzi a Sepitembala kumpoto, kapena a Malichi kum'mwera, amakhala akadali ofunda bwino pamene gombe lili phee.

Yang'ananinso nyengo ya anamondwe. Ku nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, pamene kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian imayamba pakati pa Novembala kufika Epulo. Sikuti simungapite, koma tengani malo amene amalola kusintha tsiku.

Masiku awiri sakwana. Loyamba limathera paulendo, lachiwiri maganizo akadali kuntchito. Ngati n'kotheka gonani masiku asanu kapena kupitirira, pamalo amodzi.

Kenako, malo ogona

Mawu akuti "pafupi ndi gombe" musawakhulupirire msanga. Nyumba ina imene ndinagonako inalemba zomwezo, koma kuchokera kumadzi ndinkakwera chitunda kwa mphindi makumi awiri, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pofika tsiku lachitatu ndinali nditasiya kupita kugombe madzulo. Funsani mwini wake kuti munthu woyenda wapansi amatenga mphindi zingati, nanga njira yake ndi yotani. Funsaninso ngati pafupi pali malo omwera mowa kapena msewu waukulu, chifukwa phokoso la mafunde limagonetsa tulo koma la zimbale ayi.

Windo nalonso n'lofunika. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha n'kukwera m'mwamba, wozizira wochokera panyanja n'kulowa m'malo mwake. Ndiko kamphepo kayeziyezi kamene kamayamba dzuwa likakwera. Chipinda choyang'ana kunyanja chimakalandira kwaulere. Usiku zimatembenuka, mphepo imachokera kumtunda.

M'katauni kakang'ono makina otulutsa ndalama akhoza kukhala amodzi okha, ndipo masitolo amatseka msanga. Fikani ndi ndalama zina m'thumba, mankhwala amene mumamwa masiku onse, ndipo dziwani kumene kuli chipatala. Zovala zisachuluke: zopepuka, chipewa chakhonde, magalasi a dzuwa, nsapato zolowa nazo m'madzi ndi juzi imodzi ya madzulo.

Tsiku loyamba, phunzirani nthawi ya madzi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Amene anazolowera nyanja za pakati pa mtunda amadabwa poona kuti nyanja yamchere siikhala malo amodzi. Mwezi, mothandizidwa ndi dzuwa, umakoka madzi, ndipo m'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri n'kuphwera kawiri pa tsiku. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, motero tsiku lililonse nthawi imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati lero madzi aphwera cha m'ma 9 koloko m'mawa, mawa aphwera cha m'ma 10 koloko. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri ndiponso amabwerera kutali kwambiri.

Kukula kwake kumasiyana. M'malo ambiri a nyanja ya Mediterranean kusinthaku n'kochepa moti mwina simungakuzindikire. Ku Bay of Fundy, m'dziko la Canada, madzi amatha kukwera mamita 16. Choncho funsani kumene mwafikira, kapena onani ndandanda ya nthawi ya madzi imene amaimata padoko, yomwenso imapezeka pa foni.

Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Pa maola asanu ndi limodzi amene nyanja imadzaza, imayamba pang'onopang'ono, koma mu ola lachitatu ndi lachinayi imakwera theka la kukwera kwake konse. Anthu amene amatsekerezedwa kuseri kwa matanthwe amapusitsidwa ndi zimenezi: amaona madzi akubwera mwaulesi, n'kuganiza kuti nthawi ilipo. Mukafuna kuyenda mtunda wautali m'mbali mwa nyanja, nyamukani madzi akuphwera, mubwerere asanatembenuke. Poyala nsalu pamchenga, yang'anani mzere wa udzu wam'nyanja ndi tizigoba umene madzi anasiya atadzaza, ndipo mukhale kumtunda kwake.

Madzi akaphwera musakhale m'nyumba. Pitani pa miyala pamene patsala timadziwe, mugwade pambali pa kamodzi, mukhale chete osagwedeza chithunzithunzi chanu. Poyamba mudzangoona mchenga ndi miyala. Pakapita mphindi zitatu kachigoba kamene mumakayesa kopanda kanthu kadzatulutsa timiyendo, n'kuyamba kuyenda mopendekeka, kenako kansomba kofanana ndi mchenga kadzathamanga kukabisala pansi pa mwala. Ine ndimatha ola lathunthu pamenepo, ndipo podzuka mutu umakhala utapepuka. Mwala uliwonse umene mwautembenuza muubwezere mmene unalili, pansi pake pali zamoyo.

Gawani tsiku motsata dzuwa

Dzukani m'mamawa. Nyanja nthawi zambiri imakhala bata mphepo isanayambe, mchenga uli wozizira, mabwato akubwera kuchokera kokagwira nsomba. Kuyambira 10 koloko m'mawa kufika 4 koloko masana ndi pamene cheza cha dzuwa chimapweteka khungu kwambiri. Maola amenewa khalani pamthunzi, werengani buku, gonani tulo ta masana popanda kudziimba mlandu. Dzuwa likapendeka bwererani kugombe.

Mphepo yozizira imanamiza. Munthu samva kutentha koma khungu likupsa, ndipo mitambo yopyapyala siitchinga cheza chonse. Mchenga ndi thovu la mafunde zimabwezanso cheza kuchokera pansi. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu yake), musanatuluke m'nyumba, ndipo mubwereze pakatha maola awiri komanso mukatuluka m'madzi. Musaiwale makutu, kukhosi ndi pamwamba pa mapazi. Khungu lakuda nalonso limapsa, ndipo ana ndiye asamalidwe koposa.

Musanalowe m'madzi, imani kaye muwaone

Lita imodzi ya madzi am'nyanja imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, n'chifukwa chake thupi limayandama mosavuta. Koma madzi omwewo amayabwa m'maso ndipo amawonjezera ludzu, choncho botolo la madzi akumwa lisachoke pafupi.

Ngati pagombe pali opulumutsa anthu, sambirani pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi chikasu, poti ndi pamene iwo akuyang'anira. Mbendera yofiira yokha ikutanthauza kuti musalowe. Timatauni tambiri tilibe anthu otere, ndiye funsani asodzi kapena eni nyumba kuti ana awo amasambira pati.

Choopsa chachikulu sichioneka choopsa. Madzi amene mafunde amaunjika kugombe amafuna njira yobwerera, ndipo amapanga ngati kamtsinje kothamangira kukati kwa nyanja. Pa Chingerezi amati rip current, ndipo ndi mawu amene mudzawaone pa zikwangwani. Kamtsinjeka kamatha kuthamanga mamita awiri pa sekondi, liwiro limene ngakhale katswiri sangalimbane nalo. Malo ake amaoneka odekha, madzi ake akuda pang'ono, mafunde osasweka, mwina thovu ndi mchenga zikuyenda kulowera kukati. Munthu wamantha amasankha pomwepo poganiza kuti ndi pabwino. Imani pamalo okwera kwa mphindi zisanu musanalowe, mudzapaona.

Mukakokedwa, kumbukirani kuti madziwa amapititsa munthu kutali koma samukokera pansi. Chimene chimamiza anthu ndi kutopa polimbana nawo. Gonani chagada, yandamani, kwezani dzanja muitane thandizo. Mpweya ukabwerera sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka m'njira yake, ndipo mafunde adzakuthandizani kubwerera. Mukaona wina akukokedwa, itanani thandizo ndi kumuponyera chinthu choyandama, musadziponye m'madzi chimanjamanja. Musasambire nokha kapena mutamwa mowa, ndipo mphepo ikamawomba kuchokera kumtunda zoyandama zopopa mpweya zikhale pamchenga.

Jellyfish (chamoyo chofewa choyandama m'nyanja, chokhala ndi tizingwe toyabwa) ikakuwawulani, tsukani ndi madzi am'nyanja, osati akumwa, ndipo musatikite. Chotsani timinga totsalira ndi m'mphepete mwa khadi la kubanki, kenako viikani pamalopo m'madzi otentha mmene mungapirire kwa theka la ola. Munthu akayamba kubanika, thamangirani kuchipatala.

Tsopano chepetsani zochita

Konzani chinthu chimodzi chokha pa tsiku: kukwera bwato, kuyenda mpaka ku nsanja ya nyali yolondolera zombo, kapena kuzungulira pamsika. Zotsalazo zibwere zokha. Uzani akuntchito musananyamuke kuti foni muzikaiyang'ana kamodzi madzulo, ndipo popita kugombe muisiye m'chipinda. Mchenga ndi mchere zimaiwononga kale.

Pezani malo amodzi okhalapo m'mawa uliwonse. Pofika tsiku lachitatu mwini wake adzakhala atakuzolowerani, ndipo ndi iyeyo amene adzakuuzeni gombe limene alendo salidziwa. Mukafuna nsomba pitani padoko mabwato akamafika, musankhe ya maso owala, makha ofiira ndi mnofu wolimba. Perekani moni, pemphani musanajambule munthu, ndipo mukachoka pamchenga valani, chifukwa kwa inu ndi tchuthi koma kwa iwo ndi pamudzi. Ndalama zanu zikagwera m'manja mwa eni kataunika, mwachita bwino.

Usiku umodzi yendani pagombe popanda tochi, maso adzazolowera. Kumene akamba am'nyanja amaikira mazira zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa tiana tawo tikaswa timalondola kuwala kwa panyanja, ndipo nyali za kumtunda zimatisocheretsa.

Tsiku lomaliza

Musaikepo ulendo wina uliwonse. Tsukani zosambira ndi nsapato m'madzi abwino dzulo lake kuti mchere uchoke ziume, longedzani usiku, mulipire zonse. Zigoba zimene munatola zibwezeni kugombe, popeza nkhanu zina zimasamukiramo, ndipo mayiko ena saloleza kutuluka nazo. Onani ndandanda ya madzi kotsiriza. Ngati akuphwera m'mawa, dzukani kusanache, muyende opanda nsapato pa mchenga wonyowa mpaka kumapeto kwa gombe, mubwere mudzasambe, kenako mukakwere basi. Ndipo ngati mungathe, fikani kunyumba kutatsala tsiku limodzi kuti muyambe ntchito.