Tauni ikukula: mmene mungatetezere munda wa makolo kuno ku Angónia

Amene mumayenda msewu wa Ulóngue kupita ku Calomue mwaona nokha. Pamene tinkakumba mbatatesi pano pali maziko a nyumba, kwina aikiratu zipilala za simenti. Tauni siibwerera m'mbuyo, ndipo boma likufunadi malo a sukulu, misika ndi nyumba. Koma munda umene ukudyetsa banja usamachoke m'manja mwanu chifukwa choti simunadziwe khomo loyenera kugogoda.

Yambani ndi lamulo la malo la 1997. Limati nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma, siigulitsidwa ndipo siikhala chikole. Ife tili ndi ufulu woigwiritsa ntchito, uja timauti DUAT. Ambiri amaganiza kuti wopanda pepala alibe DUAT, koma si choncho. Munda wa makolo umene mukulima mwa mwambo, kapena malo amene mwakhalapo mosaba kwa zaka zosachepera 10, ufulu wake muli nawo kale, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Vuto ndi loti mboni zimakalamba.

Nchifukwa chake ntchito yoyamba si ya ku ofesi. Mukakolola, mizere ikuonekabe, itanani anyakwawa ndi onse amene mwachita nawo malire, muyende limodzi ngodya ndi ngodya. Pa munda wa amayi athu tinabzala khonje m'malire, tinajambula pa foni mtengo wa muwanga ndi chulu zimene akuluakulu ankalozera, kenako tinalemba zonse m'kope. Odziwa kulemba anasaina, ena anadinda chala. Panali kukokanakokana pa mizere iwiri ya kumunsi, koma bola kukangana ndi mnansi lero kusiyana ndi kudzakangana pamaso pa mlendo wobwera ndi mapu. Musaiwale kulemba dzina la mayi ngati ndiye mwini munda, lamulo silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi.

Kenako fufuzani kuti munda wanu uli m'manja mwa yani. Ngati uli mkati mwa malire a Ulóngue, nkhani yake ili ku Conselho Municipal, khonsolo ya tauni. Ukakhala kunja, pitani ku boma, ku SDAE (ofesi ya zachuma ndi ulimi) kapena ku SDPI (ofesi ya mapulani ndi zomangamanga). Funsani kuti pa pulani, dera lanu analiika la ulimi kapena la nyumba. Lamulo la 2007 la kagawidwe ka malo limatipatsa ufulu woona mapulaniwo ndi kuyankhulapo, ndiye musachite manyazi ngati mukupempha chifundo. Dziwaninso kuti pali malo amene DUAT sangakupatseni: mamita 30 mbali zonse za msewu waukulu, mamita 15 pa misewu yocheperapo, ndi makilomita 2 kuchokera pa malire a dziko. Inu a kufupi ndi Dedza, funsitsani bwino pamenepa musanamange ya njerwa.

Musadikire kuti oyeza malo abwera okha. Zitaululika ngongole zobisika za boma mu 2016, za madola pafupifupi 2 biliyoni, mayiko amene ankathandiza bajeti ya boma anaimitsa thandizolo, ndipo ndalama zambiri zotsala zimathera ku malipiro. Ku maofesi a maboma mumamva kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe. Ine ndimaonanso kuti khonsolo yosowa ndalama imathamangira kudula mapuloti, poti ndiwo amabweretsa msonkho, chimanga sichilowetsa kanthu m'thumba lake. Ndiye pitani ngati mudzi. Pemphani kuti malo onse a mudzi alembedwe malire, kuphatikiza madimba, msipu, manda ndi nkhalango yotolako nkhuni. Ndalama iliyonse imene mwasonkha ituluke ndi lisiti.

Pamene minda yambiri imatayikira ndi pa msonkhano wa consulta. Wofuna malo, kaya ndi kampani kaya ndi munthu wa ndalama, sangapatsidwe DUAT anthu a m'deralo asanafunsidwe. Pitani, ndipo amayi apite, poti ndiwo amadziwa dimba limene siliuma mu Okutobala. Musasaine pepala lopanda mutu poganiza kuti ndi kaundula wa obwera. Acta, pepala lolembapo zimene zakambidwa pa msonkhanowo, iwerengedwe mokweza, imasuliridwe m'Chichewa, mahekitala atchulidwe, malonjezo alembedwe ndi nthawi yake, kope limodzi litsale m'mudzi. Ngati simunagwirizane, nenani kuti zilembedwe kuti simunagwirizane. Anzathu a ku Moatize amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha malasha anadandaula za nthaka ndi nyumba mpaka kutseka njanji mu 2012. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu, oti wosamutsidwa akakhale moyo wofanana ndi wakale kapena woposa. Akakuuzani zosamuka, kaoneni kaye malo atsopanowo, mukumbe ndi khasu, mufunse kumene kuli madzi.

Za ogula a mwamseri, amene amabwera ndi declaração (pepala loti musaine kuti mwawapatsa malo) ndi ndalama m'thumba nthawi ya njala mu Febuluwale, samalani nawo. Nyumba ndi mitengo mungagulitse potsata njira yake, nthaka ayi. Mkangano ukabuka, pepala limenelo lidzangosonyeza kuti munda munaupereka nokha. Zikakuthinani, bwereketsani gawo kwa nyengo imodzi pamaso pa anyakwawa, tsiku lobweza lilembedwe.