Kupalasa njinga panjira yodutsanso anthu ndi mahatchi

Amene mumapalasa ku Johannesburg, ku Delta Park, m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit kapena chaku Kyalami komwe kuli mahatchi ambiri, gwirani kumanzere ngati pamsewu ndipo podutsa wina mudzipitirira kumanja kwake.

Woyenda pansi muimbireni belu mudakali pamtunda wa mamita 15, mumupatse mpata wotembenuka. Mukaimba muli kale kumsana kwake amadzidzimuka n'kulumphira komwe mukupita. Wovala ma earphone sanakumveni, choncho tsitsani liwiro mpaka lofanana ndi kuyenda. Muonetsetsenso chingwe cha galu, chimapingasa njira yonse osaoneka.

Pa hatchi pamafunika kudekha kwambiri. Hatchi siona kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo chinthu chobwera mwakachetechete imachiyesa chilombo. Belu lisiyeni. Lankhulani mudakali patali, "moni" kapena "good morning" basi, kuti idziwe kuti ndinu munthu. Dikirani wokwerayo akuuzeni kuti dutsani, ndipo siyani mamita awiri kapena kuposa chifukwa imamenya ndi miyendo yakumbuyo. Pitirizani kupalasa pang'onopang'ono, chifukwa mukasiya, kulira kwa freewheel (kachitsulo ka pakati pa tayala lakumbuyo) kumaiopsa. Mukaona makutu agonera kumbuyo kapena yayamba kuvinavina, imani mutsike. Mukakumana nayo pamalo otsetsereka, imani kumunsi kwa njira poonekera, osabisala kuseri kwa tchire.

Pokhota posaoneka gwirani mabuleki onse awiri musanafike. Lakumbuyo lokha limatereretsa tayala n'kukumba njira, makamaka ikangogwa mvula.