Momwe mungasungire ulendo wapansi pa chingwe cha mfundo

Anthu a mtundu wa Inca, m'mapiri a Andes, ankasunga kalembera ndi misonkho pa zingwe za mfundo zotchedwa khipu. Ku Okinawa ankamanga mfundo zotere pa mapesi a mpunga. Cecilia Vicuña, katswiri wa zaluso wa ku Chile, adapachika khipu zikuluzikulu ku Tate Modern, nyumba yoonetsera zaluso mu London, m'chaka cha 2022. Nanunso mungathe kumanga ulendo wanu pa chingwe.

Pezani chingwe chokhuthala cha masentimita 60, chikhale mayi wa zinzake, ndi tizingwe tathonje khumi ta masentimita 50. Nayiloni ayi: imaterera, mfundo n'kumasuka muli m'njira. Musafupikitse tizingweto, chifukwa mfundo iliyonse imadya chingwe.

Musananyamuke, mangani mfundo yaikulu kumutu kwa chingwe chachikulucho. Mukaiwala, mudzawerenga ulendo chobwerera. Gwirizanani ndi mtima wanu za tanthauzo la mitundu ya tizingweto: mwina choyera cha zomwe mwaona, chofiira cha mawu, chakuda cha malo omwe akukumbutsani munthu. Itatu yakwana, ikachuluka imasokoneza.

Tsono yendani mukuwerenga mapazi. Chinthu chikakuimitsani, imani ndithu, lendewetsani kachingwe kamodzi pa chingwe chachikulucho, mumangepo chiwerengero cha mapazi monga ankachitira a Inca. Mahandiredi amakhala kumwamba, makumi pakati, otsala kumunsi. Pa mapazi 243, mangani mfundo wamba ziwiri kumwamba, zinayi pakati, ndipo kumunsi mfundo imodzi yaitali yozengeza katatu musanakoke. Kumunsiko 1 ndi mfundo yooneka ngati 8, poti mfundo yaitali siingazengedwe kamodzi kokha. Ziro ndi mpata wopanda mfundo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mfundo zikathithikana, 203 amaoneka ngati 23. Siyani zala zitatu pakati pa magulu, muyezo womwewo pa kachingwe kalikonse.

Mangani pomwepo muli chiimire, fungo la malowo likadali m'mphuno. Zomangira kunyumba zimakhala zongopeka. Kukagwa mvula bisani chingwe, pakuti thonje likanyowa limafufuma ndipo mfundo yolakwika simungaimasulenso.

Madzulo omwewo khalani ndi mnzanu, muyendetse zala pa mfundo imodziimodzi mukusimba mokweza zomwe zinali pamalopo. Gawo ili musalidumphe. Khipu zinali ndi ozisunga awo, otchedwa khipukamayuq, omwe ankazitanthauzira pakamwa. Bwerezani kusimbako pakatha sabata, kenako mwezi, ndipo pomwe mwakakamira, kayendeninso njira ija chingwe chili m'manja.